Chipolopolo Chachitatu cha ku Chidzolomondo

Tsangano, Lachinayi masana

Gervásio mwana wanga,

Ndakutuma dala kumsika pamodzi ndi mlongo wako kuti mukagule kamba wa ulendo, chifukwa ndikufuna tebulo ndi bata. Ndikanati ndikuuze izi pamaso, ukanandiyankha "está bem, mamã", "chabwino amayi" wako uja, ndisanafike ndi pakati pomwe, monga wakhala ukuchitira kuyambira pamene unamera ndevu zisanu zija. Kalata siyankhidwa "está bem". Uiwerenga basi, ndipo ndikuika pansi pa mkate kuti ukaipeze chapa, minibasi ija, atachoka kale.

Mawa ukupita ku Tete, kenako ku Joni, kukagwira ntchito pamalo pamene anthu okhuta amapita Loweruka kukawombera mapepala. Nkhani imeneyi yandidya mutu sabata yonse. Ine ndasunga mfuti ya m'manja zaka zonse zimene ndinali dotolo wa ziweto kuno ndi ku Macanga, ndipo nthawi iliyonse imene ndinaiwomba kutsogolo kwanga kunali ng'ombe yothyoka msana kapena galu wachiwewe. Pepala silinandilakwirepo. Ukafika undilembere, undiuze kuti munthu akaboola pepala pakati penipeni amamva chiyani mumtima. Ndikufunadi kudziwa, sindikunyoza. Chabwino, ndikunyoza pang'ono.

Wandiuza kuti iwe suziwombera. Uzikhala m'chipinda cha kuseri ndi bwana wako, kudzaza zipolopolo: kutenga tizitini ta mkuwa timene tawombedwa kale, kutitsuka, kuthiramo wonga, kuikapo mutu watsopano wa mtovu. Unanena zimenezi ngati ukundifotokozera za kumwezi. Ntchito imeneyo ine ndinaigwira iwe usanabadwe, ndi chilolezo chake chomwe, usandiyang'ane choncho. Zipolopolo zinkachedwa kubwera kuchokera ku Tete, agalu achiwewe sankadikira mapepala a ku ofesi, ndiye ndinaphunzira.

Koma chimene chandikhazika pansi ndi zimene unanena dzulo pa chakudya. Amalume ako a Bonifácio anayambanso nkhani yawo ya galu wa ku Chidzolomondo, akugwedeza dzanja lawo lija la zala ziwiri zosapindika. Atafika pamene mfuti yanga inakana kulira, iwe unati, pakamwa pali nyemba, "Mfuti zakale n'zotero, malume, zimakakamira." Ndinaika supuni pansi. Mwana wanga, amene mawa akukagwira zipolopolo za anthu ena, akupita ali ndi phunziro labodza m'mutu, ndipo bodzalo ndalilera ndine.

Ndiyambire kwa a Calisto. Anali nkhalamba ya ku Furancungo imene inkakonza mfuti za anthu okhala ndi zilolezo, munthu wosalankhula zambiri, wa zala zakuda ndi mafuta. Ndinapita kwa iwo ndi dipuloma yanga ya ku Maputo ili pamphumi. Ndinkadziwa mayina a mafupa onse a ng'ombe m'Chilatini, ndiye ndinkaona kuti kachitini ka mkuwa sikangandivute. Anandionetsa zonse mwandondomeko, ndipo atafika pomaliza anachedwa kwambiri. Pomaliza pake ndi apa: mutu wa mtovu ukalowa m'kachitini, mlomo wa kachitiniko umayenera kutsinidwa pang'ono kuti ugwire mutuwo. Mutu wa chipolopolo cha mfuti yanga unali ndi kamzere kozungulira, ndipo mlomo unkapindikira m'kamzere kameneko. Pali chitsulo chokoka ndi dzanja, ankachitchula pulensa, ndipo pamwamba pake pali chopotokola chimene chimanena kuti kutsinako kukhale kwakukulu bwanji. Basi. Ndinafunsa kuti, "Ndiye chovuta n'chiyani pamenepa?" Anandiyankha kuti, "Dotora, yesani."

Ndinayesa, ndipo ndinaphwanya. Ndinaganiza kuti ngati kugwira n'kwabwino, kugwiritsa n'kwabwino koposa, choncho ndinapotokola mpaka pansi n'kukoka ndi mphamvu zimene ndimagwetsera nkhunzi. Kachitini kanatuluka katakwinyika m'khosi, katatupa pamimba. Ndinakayesa m'tambolo, chozungulira chija cha mfuti chokhala ndi mabowo asanu ndi limodzi, kanakana kulowa. Chachiwiri chimodzimodzi. Chachitatu mutu wake unachita kudulika m'chiuno. A Calisto anatola chimodzi, n'kuchitembenuza padzuwa, n'kundifunsa mwaulemu wonse kuti, "Dotora, mukukapha galu, kapena mwayambira kachitinika?" Mkazi wawo anaseka ali kukhitchini. Ine, munthu wa ku yunivesite, kusekedwa kudzera pakhoma. Zinandiwawa, ndipo kuwawa kumeneko ndi kumene kunabala zonse zotsatira. Gervásio, akakuseka ku Joni, ndipo adzakuseka, uzikonza chimene chalakwika chokhacho. Usamathawire mbali inayo.

Ine ndinathawira mbali inayo. Nditabwera ndi pulensa yanga kunyumba, ndinabweza chopotokola chija m'mbuyo kwambiri, kuopa kuonanso kachitini kokwinyika. Zipolopolo zinkatuluka zosalala, zokongola, zoti n'kuika pa shelefu alendo aziona. Ndinkazigwira ndi zala, mutu osagwedera, ine n'kuti pronto, zatheka. A Calisto anali atandiuza kuti zala si muyeso. Anandipatsa ngakhale pakimetulu, kachitsulo koyezera utali kamene kamaona zimene diso silingaone. Ndinakaika m'dirowa pamodzi ndi majakisoni akale. Ndinkati diso langa limadziwa kulemera kwa ng'ombe ndikangoiyang'ana, lingalephere kachitini? Mawu amenewa uwazindikire, chifukwa ndi ako. Mwezi wathawu unamanga denga la khola la nkhumba osagwira tepi, ukuti "ndikuona ndi maso, mamã," ndipo lero nkhumba zikugona mbali imodzi ngati zili m'chapa wodzaza. Yeza, Gervásio.

Panalinso nkhani ya utali, imene sindinaiganizire n'komwe. Tizitini timene ndinkadzaza sitinali ta banja limodzi. Tina ndinali nditawomba kamodzi, tina kangapo, tina anandipatsa a Calisto m'kathumba. Ndinatithira tonse m'chitini cha mkaka n'kumatola mmene dzanja lagwera. Tsono taona chinthu chodabwitsa: mkuwa umasintha utali ukamawombedwa ndi kufinyidwa, ndipo ngakhale tatsopano sitifanana ndendende. Koma pulensa sidziwa zimenezo. Imatsika kufika pamalo amodzimodzi nthawi zonse. Kachitini kakatali kamatsinidwa kwambiri, kakafupi kamangokhudzidwa ngati moni wa munthu amene mudayambana. Ine ndinali nditachepetsa kale kutsinako, ndiye tatifupito sitinkatsinidwa n'komwe. Ndinadzaza bokosi lonse motero, ndikuimba nyimbo za kwaya.

Tsopano galu uja. Nkhaniyi waimva kambirimbiri kwa amalume ako, koma umve kwa amene anagwira mfuti. Inali nthawi yoti fodya wathyoledwa, ali m'zigafa. Amalume ako nthawi imeneyo ankalima ku Chidzolomondo, kwa akazi awo, ndipo ndiwo anatumiza uthenga kuti kuli galu amene waluma mbuzi ziwiri, akuyenda dovu lili chuchuchu. Ndinafika cha m'mawa dzuwa litakwera. Ana anali atawatsekera m'nyumba. Galuyo anali pansi pa chigafa, akuluma mtengo. Amalume ako anandiperekeza atanyamula mpini wa khasu, ndipo ndinawauza kuti, "Achimwene, mpiniwo siyani, mukundichititsa manyazi." Anati, "Ndanyamulira njoka, mlongo."

Ndinawomba koyamba, ndinaphonya. Zimenezo amalume ako amazidumpha pofotokoza, Mulungu awadalitse. Ndinawomba kachiwiri, ndinamulasa mwendo wakumbuyo. Anatembenuka n'kuyamba kubwera, akukoka mwendowo. Ndinakoka kachitatu. Chala chinakumana ndi khoma. Tambolo sinazungulire, ngakhale pang'ono. Ndinakoka ndi zala ziwiri, ndinaigwedeza, ndinaitukwana m'Chipwitikizi. Galu anali atafika poti ndinkaona dothi m'mano mwake. Amalume ako anandikankhira kumbali n'kulowa pakati. Galu anawagwira dzanja lamanja, iwo n'kumumaliza ndi lamanzere, ndi mpini uja ndinkati ukundichititsa manyazi.

Ndinawatsuka balalo ndi sopo mpaka sopo anatha, kenako tinayenda wapansi kukafika kumsewu. Ukudziwa kutalika kwake. Njira yonse ndinkawerengera mumtima zimene chiwewe chimachita munthu akachedwa kulandira jakisoni, chifukwa zimenezo ndiye ndinaphunziradi bwino ku Maputo. Iwo ankayenda dzanja lili m'mwamba, atalikulunga ndi mpango wanga. Tili pakati pa njira anati, "Mfuti ya Apwitikizi ija yatopa, mlongo. Usadandaule, si iwe." Ndipo ine ndinati, "Inde, achimwene, yatopa." Pa nthawi imeneyo ndinkakhulupiriradi zimenezo. Majakisoni analandira pa nthawi yake, moyo unatsala, zala ziwiri zinauma.

Patapita masiku awiri ndinakhala pa tebulo lomwe lino kuti ndione chimene chinatopa m'mfutimo. Sindinapeze chotopa. Ndinapeza mutu wa chipolopolo chachitatu utasuzumira kunja kwa tambolo ngati kamba akutulutsa khosi, utatsamira pachitsulo cha mfuti. Ndiwo unatseka njira. Ndinaukankhira m'kati ndi kamtengo, tambolo inatseguka bwinobwino, ikuzungulira ngati yatsopano. Pamenepo ndi pamene ndinakumbukira dirowa ya majakisoni akale. Ndinatulutsa pakimetulu ndi kuyeza. Kachitini kachitatuko kanali kakafupi kuposa tinzake, kusiyana kwake kochepa kuposa kukhuthala kwa chikhadabo, ndipo mlomo wake unali woongoka, wosapindikira m'kamzere ngakhale pang'ono. Mfuti inalibe mlandu. A Calisto analibe mlandu. Apwitikizi ali ndi milandu yambiri, koma uwu sunali wawo.

Ukudziwa chimene chinandisowetsa mtendere pambuyo pake, kuwonjezera pa manyazi? Funso. Mfuti ikalira imadumphira m'mbuyo, m'dzanja mwako. Nanga bwanji mutu wa chipolopolo chimene sichinawombedwe unapita kutsogolo? Ndinkayembekezera kuti ulowe m'kati, osati kutuluka. Ndinaganiza miyezi. Sindikanafunsa a Calisto, chifukwa akanandifunsa kuti ndafunsiranji. Yankho ndinakalipeza ku Ntengo-Wambalame, ndikubaya ng'ombe katemera. Munthu wina anali atapakira matumba a mbatatesi pangolo, thumba lapamwamba osalimanga. Anamenya ng'ombe mwadzidzidzi, ngolo inalumphira kutsogolo, thumba lija linagwera kumbuyo. Anthu anaseka. Ine ndinaima jakisoni ali m'manja, chifukwa ndinaona kuti thumbalo silinapite kulikonse. Linakhala pamene linali, ngolo ndiyo inalisiya. M'mfuti ndi chimodzimodzi, kungotembenuza mbali. Mfuti ikadumphira m'mbuyo imakoka tizitini tonse tili m'tambolo, koma mtovu ndi wolemera, umafuna kukhala pamene uli. Ngati mlomo sunaugwire, kachitini kamausiya pang'ono. Kuwomba koyamba, pang'ono. Kwachiwiri, pang'ono pena. Kachitatu, zala za amalume ako zauma. Mwini ng'ombe anandifunsa kuti, "Dotora, mwaona chiyani?" Ndinati, "Mangani thumbalo, bambo."

Mpaka lero chinthu chimenechi chimandidabwitsa. Kupinda kochepa chonchija, koti ukapatsa munthu wamba chipolopolo sangakuone, ndiye kumene kumanena ngati mfuti ilira kachitatu. Wonga ungakhale wabwino, mtovu wabwino, mfuti yatsopano ya m'bokosi. Zonsezo zimadikira kamlomo.

Tsono tamvera, ndipo usanene "está bem". Usanadzaze kalikonse, yeza tizitini tonse, kamodzikamodzi, ndipo totalika utidule tifanane. Tatifupi kwambiri uike padera, usatimvere chisoni. Chopotokola chija uzichitsitsa pang'onopang'ono, kuyesa, kuyang'ana, kutsitsanso, osati kamodzi n'kamodzi ngati mmene ndinachitira pamaso pa a Calisto. Choyamba upange chipolopolo chopanda wonga, chongoyesera. Uchiyeze utali, uchikanikize mutu pa thabwa ndi mphamvu, uchiyezenso. Ukaona kachitini kakwinyika kapena mtovu wadulika, wapyola. Ukaona mlomo uli chilili, sunafike. Ndipo pali muyeso umene ndinadziphunzitsa ndekha nditachita kale ngozi: udzaze tambolo yonse, bwana wako awombe zonse kusiya chimodzi, chotsalacho uchitulutse n'kuchiyeza. Ngati chatalika, bokosi lonselo si loti munthu apatsidwe. Yeza, Gervásio. Diso lako ndi la kwathu, ndikulidziwa.

Pali china chimene sindikuchidziwa bwino, ndipo ndikuvomera, ulembe tsikuli. Kumeneko ambiri ali ndi mfuti zopanda tambolo, zija zipolopolo zimasanjikizana m'chigwiriro. Ndinawerenga kuti zambiri mwa zimenezo mlomo wa kachitini supindidwira m'kati ngati zanga. Umangofinyidwa m'mbali kuti uwongoke, chifukwa mlomo womwewo ndi umene umatsamira m'kati mwa mfuti kuti chipolopolo chiime pamalo pake. Ukaupinda, chimalowerera. Ndipo akuti vuto lake limakhala lotembenuka: mutu sutuluka, umakankhidwira m'kati pamene chipolopolo chikukwera, wonga n'kupanikizika, ndipo zikatero mfuti ikhoza kuvulaza mwini wake. Sindinazigwirepo, choncho usatenge mawu anga ngati lamulo. Ufunse bwana wako, uwerenge buku la miyeso limene ali nalo, utsate zolembedwazo osati zimene ukuganiza. Kenako undilembere. Ndikufuna kudziwa ngati n'zoona, ndipo undijambulire chithunzi cha milomo iwiriyo ili pamodzi. Ndakalamba, koma funso likandilowa silituluka.

Bwana wakoyo akakufunsa ngati unaonapo ntchitoyi, usadzitame kuti amayi anga ankachita. Unene kuti ayi, ndiphunzitseni. Akakuonetsa chinthu n'kuchedwa pamalo amodzi monga anachedwera a Calisto, pamenepo ndi pamene pali nkhani, tchera khutu. Foni uziisiya panja pa chipindacho. Mlongo wako adzakutumizira mauthenga makumi awiri pa ola, onsewo angadikire, ndawerengapo ena. Ndipo usadzayerekeze kubwera ndi chipolopolo ngakhale chimodzi m'thumba kuti udzandionetse. A pa malire sadzamva zoti amayi ako ndi munthu wokonda kudziwa zinthu.

Chachikulu ndi ichi. Anthu amene uzikawadzazira zipolopolo sudzawadziwa. Adzatenga bokosi, adzakhulupirira, sadzayeza. Ambiri adzangoboola mapepala awo n'kupita kwawo. Koma tsiku lina chinthu chidzalakwika, chifukwa ntchito ya manja ndi yotero, ndipo padzapezeka munthu wachifundo amene adzanene kuti, "Mfutiyi ndi yakale, si iwe." Adzakupatsa khomo lotulukira lotsegula kale. Ine ndinatulukira pomwepo, ndipo nditadziwa zoona sindinabwerere. Sindinauze a Calisto mpaka anamwalira. Sindinauze malemu bambo ako. Chaka chilichonse, paukwati, pamaliro, pa Khirisimasi, amalume ako amakweza dzanja lija n'kutukwana mfuti ya Apwitikizi, anthu n'kuseka, ine n'kuseka nawo. Amamaliza ndi kunena kuti, "Koma mlongo wangayu ndi mwamuna, sanathawe."

Ndinkadziuza kuti kunena sikungawongole zala. N'zoona, sikungawongole. Koma dzulo ndinamva bodza langa likutuluka pakamwa pa mwana wanga, litavala ngati nzeru, likukonzekera kukwera chapa kupita kudziko lina kukagwira wonga. Pamenepo ndiye ndinaona kuti lakula mokwanira.

M'chikwama chako, m'kati mwa sokosi zabuluu, muli pakimetulu wa a Calisto. Ndi wakale koma sanama. Kumeneko adzakhala ndi wamagetsi wowala manambala, ugwiritse ntchito wawoyo, koma uyu umusunge pamene ungamuone. Jekete lochindikala lili pansi penipeni. Ukuti ku Joni sikungazizire kuposa ku Tsangano, ndipo mwina ukunena zoona, koma litenge, sindinalichapire chabe.

Chipolopolo chachitatu chija sindikukupatsa. Ndinachichotsa wonga kalekale, chakhala m'dirowa zaka zonsezi, ndipo chili ndi mwini wake. Amalume ako agona kuno kuti mawa akuperekeze pa siteji. Chapa akangonyamuka, ndiwapempha kuti tikhale pa benchi ija ya pafupi ndi ogulitsa mbatatesi. Sindikudziwa kuti adzati chiyani. Mwina adzakhala chete, chimene sindinachionepo chibadwire. Mwina adzanyamuka n'kupita osatsanzika. Mwinanso, ndipo ichi ndi chimene chikundiopsa kwambiri, adzati ankadziwa kale. Ndikufuna kudziwa, ndipo ndikuopa kudziwa.

Choncho pamene ukuwerenga mzere uno, mkate uli pamwendo, fumbi likulowa pazenera, dziwa kuti amayi ako ali pa benchi, atsegula dzanja, ndipo akuonetsa mlongo wawo kamlomo kamene sanakatsine. Ukafika ku Tete uimbe foni. Uyambe waimbira amalume ako.

Ndine amayi ako,
amene anaphunzira kuyeza mochedwa